Mukufuna welding ya m'mafakitale, osati ya mageti okha? Njira yodzera ku koleji ndi iyi

Ang'ono anga amene mwamaliza Fomu 4 ndipo mtima uli pa welding, komanso inu amene muli kale pa shedi penapake ku Ndirande kaya ku Biwi mukuwotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, tiyeni tikambirane bwinobwino chifukwa kuwotcherera kulipo kuwiri. Kulipo kongolumikiza zitsulo kuti zigwirane, geti izitseguka izitsekeka, kasitomala alipire azipita, nde kulinso kwa m'mafakitale komwe paipi yomwe mwawotcherera muzidutsa nthunzi ya mu boyila kapena mafuta, ndipo musanadutse kanthu kalikonse pamabwera munthu ndi makina a X-ray kudzaunika mkati mwa jointi yanu. Ndalama zooneka zili kwachiwiriku, koma nkovuta kukudziwa pongoonerera abwana pa shedi. Sikuti ndikunyoza a mageti ayi, ana ambiri akuphunzira sukulu ndi ndalama za mabagila, koma ngati mukufuna kudzalowa mu fakitale koleji muyifuna ndithu, ndipo muyenera kudziwa chomwe mukukatengako.

Kuno kwathu maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera ku levy ya 1% yomwe olemba anthu ntchito amapereka potengera malipiro a antchito awo. Nchifukwa chake munthu wosankhidwa kudzera ku TEVETA amalipira fizi yotsika poyerekeza ndi wolowa payekha. Kosi yomwe mukufuna imatchedwa Fabrication and Welding. Makoleji akuluakulu alipo 7, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu, Livingstonia, Soche ndi Nasawa, nde kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula ma community technical college m'maboma, kuphatikizanso makoleji a mishoni ndi a anthu wamba. Koma si koleji iliyonse yomwe ili ndi kosi iliyonse, ina mphamvu zake zili ku zomangamanga, ina ku zamagalimoto, nde musangolemba dzina la koleji poti ili pafupi ndi kwa azakhali anu komwe mukagone ulele, onani kaye ngati welding ilipo pamenepo.

TEVETA imalengeza m'nyuzi, pa wailesi ndi pa tsamba lawo la Facebook ikafuna kutenga ophunzira atsopano, ndipo chilengezocho muchiwerenge nokha mpaka pansi, osangomvera kwa anzanu pa gulu la WhatsApp. Ku makoleji akuluakulu amafuna MSCE, ndipo masamu, Chingerezi ndi sayansi ndiye amaziyang'anitsitsa. Ngati masamu munagwa ine ndingakuuzeni kuti bwererani mukalembenso, chaka chimodzi sichinthu, chifukwa masamuwo mukumana nawo tsiku lililonse pa ntchitoyi. Maofesi a TEVETA alipo ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, pitani mukafunse nokha, ndipo munthu wina akakuimbirani foni kuti tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba ndikupezereni malo, ameneyo ndi wakuba basi, malo sagulidwa choncho. Amene sanasankhidwe asataye mtima, makoleji ambiri amatenganso ophunzira odzilipirira okha omwe timawatcha a parallel, fizi yake ndi yokwererapo koma wekishopu ndi yomweyo. Achemwali nanunso lembani, atsikana amalimbikitsidwa kwambiri pa makosi amenewa, ndipo TIG yomwe tikambe kutsogoloku imafuna dzanja lodekha osati mphamvu za m'mapewa.

Musanalipire ngakhale tambala, makamaka ku koleji ya munthu wamba, pitani mukaone wekishopu ndi maso anu. Ku ofesi akuonetsani mapepala okongola, inu pemphani kuti akulowetseni komwe amawotcherera. Werengani makina omwe akugwira ntchito, osati omwe angofunditsidwa pakona, kenako funsani kuti kalasi imodzi imakhala ndi anthu angati. Makina atatu pa anthu makumi anayi ndiye kuti temu yonse muzingoimirira kumbuyo kwa anzanu mutagwira chigoba. Mupeze wophunzira wa chaka chachiwiri mumufunse pambali kuti pa sabata amawotcha marodi angati, zitsulo zophunzirira amagula ndani, magetsi akathima pali jenereta kapena amangoweruka, makina a MIG ndi TIG, omwe amafuna gasi powotcherera, alipo, ndipo ngati alipo gasi wake amagulidwa kapena silinda inatha chaka chatha. Mufunsenso ngati kolejiyo inalembetsedwa ku TEVETA komanso kuti mayeso omwe mudzalembe ndi a ndani, chifukwa satifiketi yongosindikiza mwini sukulu pa kompyuta yake kampani yayikulu siyiwerengera.

Inu amene mwakhala zaka pa shedi koma mulibe pepala, pali njira yotchedwa RPL, amakuyesani pa zomwe mukudziwa kale nkukupatsani satifiketi yolingana ndi luso lanu, simuyambiranso pa ziro. Kafunseni ku maofesi omwewo.

Maphunziro ake amayenda m'malevo, Level 1, 2, 3, ndipo ofuna kupitiriza amafika Level 4 yomwe ndi ya dipuloma. Nthawi ina mumakhala pa koleji, nthawi ina ku atachimenti ku kampani, kenako nkubwereranso. Ambiri amathawira pa Level 1 akangoona kuti ayamba kupeza timaganyu ta mageti, nde apa ndikupemphani, limbikirani mpaka Level 3, zinthu zomwe fakitale imafuna zili kumtundako.

Zam'kalasi zija musazithawe

Anyamata ambiri akafika pa koleji amangofuna wekishopu, ikakwana nthawi ya technical drawing kapena masamu amakakhala ku hostel, koma kusiyana kwa inu ndi munthu wa pa shedi kuli pomwepo. Mu fakitale foromani sakufotokozerani ndi manja kuti upange chonchi, amakupatsani drawing, ndipo pa drawing pali timizere ta mivi ndi tizizindikiro tomwe tikukuuzani kuti weld ikhale mbali iti, ikhale fillet, ya pakona pomwe zitsulo zakumana, kapena butt, yolumikiza m'mphepete ndi m'mphepete, ikule mamilimita angati, izungulire ponse kapena idumphedumphe. Osadziwa kuwerenga zimenezo mukhala wogwirira anzanu zitsulo mpaka kalekale. Masamu ake si ovuta kwenikweni koma akhale m'mutu, inchi imodzi ndi 25.4 mm chifukwa mapaipi ambiri amatchulidwabe m'mainchi, kuzungulira kwa paipi ndi dayamita kuchulukitsa ndi 3.14, ndipo felemu yayikulu mumayiwongola ndi 3-4-5, kuyeza 3 mbali ina ya kona, 4 mbali inayo, mzere wolumikiza nsonga zake ukhale 5, kapena poyeza ma diagonal onse awiri kuti afanane. Kenako pali pattern development, kujambula pa pleti yafulati chinthu chomwe chikapindidwa chikhale cone kapena chochoka pa sikweya nkuthera pa raundi. Taonani chigayo chilichonse, pothira chimanga paja ndi cyclone yomwe ufa umatsikiramo, zonsezo ndi ntchito imeneyi, nde munthu woidziwa sasowa chochita ngakhale kwawo kumudzi.

Tsopano ku wekishopu. Chiyambi cha zonse ndi arc, ya marodi ija, ndipo masabata oyamba akupatsani kapleti kuti muzingoyendetsa mizere, mzere pambali pa mzere mpaka pleti yonse itadzaza. Zimatopetsa, koma dzanja limapangidwa pamenepo. Yang'anani chithaphwi cha chitsulo chosungunuka chomwe chili kuseri kwa rodi, osati kuwala kwa arc, ndipo muphunzire kusiyanitsa chitsulo ndi slag, zotsalira za chokutira cha rodi zomwe zikuyandama pamwamba. Mpata wa pakati pa rodi ndi pleti ukhale pafupifupi kunenepa kwa waya wa rodiyo, rodi ipendekeke pang'ono chabe kulowera komwe mukupita, ndipo khutu ligwire ntchito, arc yabwino imalira mosalekeza ngati chiwaya cha chipisi mafuta atapsa bwino, ikayamba kuphulikaphulika ndiye kuti mwatalikitsa kapena moto wachuluka. Rodi ya 2.5 mm imayenda pa ma amps apakati pa 60 ndi 90, ya 3.2 mm pakati pa 90 ndi 130, koma werengani pa paketi nkuyesa kaye pa chitsulo chotaya, makina amasiyana.

Manambala a pa rodi muwadziwe. E6013 ndi yomwe ili ponseponse m'mahadiweya, yosavuta kuyatsa, slag yake imachoka yokha, ndipo mageti onse a m'tauni muno anawotchereredwa ndi imeneyo. 60 akutanthauza mphamvu ya weld, mapaundi 60,000 pa sikweya inchi, 1 akutanthauza kuti imagwira m'mapozishoni onse, nambala yomaliza ndi mtundu wa flux, chokutira cha kunja kwa rodi chija. Ku fakitale mukakumana ndi E7018, ya low hydrogen, yomwe amagwiritsa ntchito pa zitsulo zonyamula katundu wolemera ndi mapaipi a pressure. Imeneyi ndi yovuta kuyatsanso ikazima, imafuna arc yayifupi kwambiri, nthawi zambiri imayenda pa DC rodi ili ku positive, ndipo imadana ndi chinyezi, nchifukwa chake amaisunga mu uvuni wake ndipo welder amayenda nayo m'kachitini kotenthetsa. Ikayamwa chinyezi weld imatuluka timabowo, penanso imadzang'aluka patapita maola ntchito itatha kale. Ngati koleji yanu imangogula 6013, sonkhani ndi anzanu mugule paketi ya 7018 muziyeserera, musadzakumane nayo koyamba tsiku la intavyu.

Mapozishoni nawo ali ndi mayina. 1G ndi pleti yogona pansi, 2G ndi mzere wopingasa pa pleti yoimirira, 3G ndi wokwera, 4G ndi wa pamwamba pa mutu pomwe moto umakugwerani m'khosi. Pa vertical phunzirani kukwera, kuchoka pansi kupita m'mwamba, chifukwa kutsika komwe timakonda pa shedi kumaoneka kosalala koma pa chitsulo chonenepa sikulowa mkati. Mukafika pa mapaipi pali 5G, paipi yogona yosatembenuzika, ndi 6G, paipi yopendekeka madigiri 45 yosatembenuzikanso, pomwe jointi imodzi yomweyo imakudutsitsani m'mapozishoni onse ndipo mbali ina muyenera kuwotcherera ndi dzanja lomwe simunazolowere. Amene wakhoza 6G amaloledwa kuwotcherera pozishoni iliyonse, ndipo ndi munthu amene makampani amamusaka.

Ntchito yambiri ya jointi yabwino imachitika musanayatse makina. Kuchotsa dzimbiri, penti ndi mafuta mpaka chitsulo chiwale, kusema bevel, kupendeketsa m'mphepete mwa chitsulo, ndi gilayinda madigiri apakati pa 30 ndi 37 mbali iliyonse, kusiya kamlomo kakang'ono kunsonga, kusiya mpata wa mamilimita awiri kapena atatu, nkumenya ma tack olimba, timadontho ta weld togwiriza zitsulo, kuti zisakokane. Mzere woyamba womwe timati root ndi umene umagwetsa anthu ambiri pa mayeso, uyenera kutulukira mbali inayo bwinobwino osaboola komanso osasiya m'mphepete mosasungunuka, nde pamwamba pake pamabwera ma fill, mizere yodzazira, kenako cap, mzere wotsekera. Pakati pa mzere ndi mzere gogodani slag yense, palani ndi bulashi ya waya, mukasiya kachidutswa kamakwiririka mkati ndipo X-ray idzakaona. Chitsulo chikatentha chimakoka, nde phunziraninso kusinthasintha mbali powotcherera kuti felemu isapindike.

Chizolowezi chimodzi chomwe ndikufuna mutenge pa koleji ndi chothyola ntchito yanu. Mukawotcherera ka T-joint, kaikeni pa vayisi mukamenye ndi hamala mpaka kathyoke, muone mkati ngati moto unalowa mpaka pakona. Butt joint iduleni timizere, mupale, mupinde mpaka ikhale ngati U, ikang'aluka pa root ndiye kuti simunafike. Weld imatha kukongola kunja mkati muli mphako, ndipo aphunzitsi sangathyole ya aliyense, nde dziyeseni nokha. Zolakwika zake muzidziwe ndi mayina komanso chomwe chimaziyambitsa, undercut ndi kangalande ka m'mphepete kobwera ndi moto wambiri kapena kuthamanga, porosity ndi timabowo ta chinyezi, dothi kapena arc yayitali, lack of fusion ndi pomwe weld yangokhala pamwamba osagwirana ndi chitsulo. Inspector akakuuzani dzina la vuto amayembekeza kuti mukudziwa kale chosintha.

Arc ikakhazikika m'manja musakhutire. MIG ndi ya waya wotuluka wokha mu mfuti ndi gasi wa CO2 kapena wosakaniza ndi argon, imathamanga, nde mawekishopu opanga ma trailer, mathanki ndi zitsulo za madenga a mashedi akuluakulu amaikonda, koma panja pa mphepo gasi amauluzika. Siivuta kuphunzira, vuto lake ndi loti imanamiza, weld yozizira imaoneka bwino. TIG ndiye yofunika kuilimbikira, dzanja lina tochi ya tungsten, lina waya, gasi wake argon, yochedwa koma yaukhondo, ndipo ndi imene imagwira stainless ya m'mafakitale a zakumwa, mkaka ndi shuga, komanso aluminium yomwe imafuna makina a AC. Pa mapaipi a pressure kawirikawiri root amamenya ndi TIG nkudzazitsa ndi 7018, nde munthu wodziwa ziwirizi pamodzi ndi amene amalembedwa msanga. Pa stainless mudziwe kuti waya wa 308L ndi wa chitsulo cha 304, 316L ndi wa 316, 309 ndi wolumikizira stainless ku chitsulo wamba, ndipo mkati mwa paipi mumadzazidwa argon kuti root isapserere. Argon ndi wodula, makoleji ambiri amamuumira, nde tsiku lomwe silinda yabwera musajombe. Kudula ndi gasi wa oxygen ndi acetylene nakonso kuphunzireni mpaka mzere uziwongoka.

Thupi lanu

Apa ndilankhula molimba chifukwa ndimamva chisoni ndikaona mnyamata akuwotcherera atavala magalasi a dzuwa a pa msika, kapena akungotsinzina nkutembenuza nkhope. Kuwala kwa arc kumawotcha maso, usiku mumadzuka maso akulasa misozi ili chuchuchu, ndipo zothira mkaka kapena kuika mbatata m'maso zija sizichiza kanthu, pitani kuchipatala. Galasi la chigoba likhale la shade 10 kufika 13 malinga ndi moto womwe mukugwiritsa ntchito. Khungu nalo limapsa, valani ovolosi ya thonje ya manja aatali, za nayiloni zimasungunukira pathupi, magolovesi achikopa, jombo zachitsulo kutsogolo, buluku likhale pamwamba pa jombo kuti moto usalowe. Utsi wa welding bungwe lofufuza za khansa la IARC linauika mu 2017 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, nde mutu wanu usakhale mu utsi, ndipo paipi ya galvanized palani kaye zinc musanawotcherere chifukwa utsi wake woyera uja umadwalitsa, kuphwanya thupi ndi kunjenjemera usiku, ndipo kumwa mkaka sikuteteza.

Mgolo kapena thanki yomwe munali petulo, dizilo kaya thinner musayandikize moto ngakhale mwini wake alumbire kuti anatsuka, mpweya wotsalira ndi umene umaphulika ndipo anthu afa nazo zimenezi. Mafuta kapena girisi asakhudze regulator ya oxygen, silinda ya acetylene izikhala choimirira itamangidwa, ndipo ma flashback arrestor, otchinga moto kuti usabwerere ku silinda, akhalepo. Mkati mwa thanki musalowe nokha popanda chilolezo ndi munthu wokudikirirani panja, argon alibe fungo, amathamangitsa mpweya wabwino munthu nkungokomoka. Gilayinda isachotsedwe gadi, ndipo disiki yodulira si yopalira. Makampani akuluakulu amachotsa munthu tsiku lomwelo chifukwa cha zinthu ngati zimenezi ngakhale akhale katswiri, nde zizolowereni muli pa koleji.

Atachimenti ndi pomwe tsogolo lanu limakhotera, nde musadikire kuti koleji ikupezereni, yambani kuyenda ndi makalata miyezi ingapo nthawi isanakwane. Pa shedi ya amalume anu adzakulandirani bwino, mwinanso kukupatsani ya sopo, koma mudzabwerako ndi luso lomwe munapita nalo. Fufuzani komwe kuli mapaipi, maboyila ndi zitsulo zolemera. Mafakitale a shuga a Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa amaima nthawi ya dzinja kuti akonze makina, nyengo yomwe amaitcha off-crop, ndipo ntchito ya welding imachuluka kwambiri, makontilakita amafuna manja. Kuli mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, malo opangira magetsi a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ma water board ndi mapaipi awo, a simenti, a njanji, kokonzera sitima zapamadzi ku Monkey Bay, ndi mawekishopu a engineering a ku Makata, Chirimba ndi Kanengo. Ngakhale kumene sakulipira kanthu, ngati kuli welder wa ma code, amene weld yake inakhoza mayeso apadera, pitani, ndalama ya chakudya mupemphe kwa abale.

Mukafika kumeneko masabata oyamba akupatsani gilayinda ndi kunyamula ma cable, musanyinyirike, aliyense anadutsa momwemo ndipo kupala bevel yabwino ndi theka la ntchito. Pezani mdala mmodzi amene ntchito yake imapita ku X-ray, muzimukonzera jointi momwe amafunira, muzimuyang'ana momwe amaimira, pomwe amatsamiritsa chigongono, momwe amayambira ndi kumalizira rodi. Nthawi ya nkhomaliro pemphani zidutswa za paipi ku sikirapu muziyeserera, mukamuonetse akudzudzuleni. Madala amenewa sauza munthu wodzimva kuti ndine wa ku koleji, koma mwana waulemu wofunsa amamuuza zonse. Logbook yanu isainidwe sabata iliyonse, ntchito yomwe mwagwira muijambule pa foni ngati akuloleza, ndipo pochoka pemphani kalata yonena zomwe munkachita, yokhala ndi chidindo cha kampani.

Za ma code

Apa ambiri amasokonezeka. Satifiketi ya koleji imanena kuti munaphunzira ntchito, koma code ndi mayeso apadera omwe amanena kuti munthu uyu, pa njira yakuti, pa chitsulo chakuti, pa pozishoni yakuti, weld yake inayesedwa ndipo inakhoza. Malamulo omwe mudzamve kwambiri ndi ASME Section IX wa maboyila ndi mapaipi a pressure, AWS D1.1 wa zitsulo za nyumba, ndi ISO 9606. Amakupatsani pepala lotchedwa WPS lomwe limanena rodi, ma amps, kutenthetsa chitsulo musanayambe ngati kukufunika, zonse, ndipo inu mumatsatira ndendende inspector ali pambali. Akaona ndi maso nkukhutira, chidutswacho chimapita kokapindidwa kapena ku X-ray. Code si ya moyo wonse, mukakhala miyezi 6 osawotcherera ndi njira imeneyo imatha mphamvu, nde muzisunga umboni wosainidwa woti mukugwirabe ntchito. Komanso kampani yatsopano nthawi zambiri imakuyesaninso pa geti ngakhale mubwere ndi mapepala odzaza chikwama, akupatsani zidutswa ziwiri za paipi nkukulozerani makina.

Njira yosaboola m'thumba yopezera code ndi kulowa kwa kontilakita amene ali ndi ntchito yofuna ma coded welder, iyeyo amaitana inspector nkulipira mayeso a anthu ake, nde inu mukhale okonzeka kuti tsiku limenelo dzina lanu likhalepo. Amene ali ndi ndalama amapita ku Southern African Institute of Welding ku Johannesburg, komwe amaphunzitsa ndi kuyesa ma welder komanso ma inspector, ndipo amene masamu ndi sayansi zimakuyenderani ganizirani za inspection ndi NDT, kuyesa ma weld ndi ultrasonic, dye penetrant kapena X-ray, chifukwa maso ndi msana zikayamba kutopa ntchito imeneyo mutha kuigwira mpaka ukalamba.

Ntchito zakunja zilipo, migodi ya kopa ku Zambia, malasha ku Moatize m'chigawo cha Tete, gasi ku Cabo Delgado, ma shutdown, okonza makina fakitale itaima, a m'mafakitale a ku South Africa. Koma pitani ndi pasipoti ndi chilolezo chogwirira ntchito, mapepala anu a sukulu ku South Africa amayenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la kumeneko loona za mapepala a maphunziro, ndipo ku Mozambique Chipwitikizi pang'ono chimathandiza. Wopita mozemba amagwira ntchito ya coded welder nkumalandira ya wothandizira, akavulala palibe komwe angadandaule. Ma agent ofuna ndalama patsogolo kuti akupezereni ntchito ku Dubai kaya ku Poland muwafufuze ku ofesi ya zantchito musanagulitse munda wa makolo.

Pomwe mukudikira zonsezi dzanja lisagone. Ndalama yoyamba yomwe mupeze gulani chigoba chabwino, tepi, sikweya, hamala yogogodera slag ndi gilayinda yaying'ono, kenako sungirani ka inverter, kamakina kowotcherera ka ma amps 200, kopepuka konyamula pa kabaza, komwe kamatulutsa DC nde 7018 imayaka bwino, kusiyana ndi makina okulunga pamanja a m'mashedi aja omwe moto wake sudziwika kuti uli pa ma amps angati. Ma inverter ambiri amalolanso kulumikiza tochi ya TIG yoyatsa pokhudza, mukangopeza silinda ya argon. Mageti ndi mabagila muzipanga ndithu kuti mudye, koma pa ganyu iliyonse patulani ndalama ya marodi ochepa ndi zidutswa za paipi ya mainchi 2 ndi mainchi 6 kwa ogulitsa sikirapu, muimike paipi pa madigiri 45 kuseri kwa nyumba, ndipo Loweruka lililonse muzimenya jointi imodzi, kuidula, nkuona root.